Chingwe Chimene Chinatseka Pakamwa Maikolofoni Yanga

Nditayamba kujambula nyimbo za kwaya yathu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba kuno ku Ulongué, ndalama zanga zoyamba zinathera pa chingwe chosayenera. Ndinali nditagula maikolofoni ya mtundu wa condenser, ndipo wogulitsa wina mumzinda wa Tete, ataona kumunsi kwake, anandipatsa cabo, monga amatchulira chingwe kumeneko, cha XLR (pulagi ya mano atatu) mbali imodzi ndi kapulagi ka mamilimita 3.5 mbali inayo, n'kunditsimikizira kuti ndikangolowetsa mu laputopu zonse zitheka. Ndinabwerera pa chapa (minibasi) mtima uli m'malo, koma nditalumikiza, maikolofoniyo inangoti zii.

Maikolofoniyo inalibe vuto. Condenser imafuna magetsi a mavoliti 48, otchedwa phantom power, amene amachokera ku audio interface (kabokosi kolumikiza maikolofoni ndi kompyuta) kapena ku mikisa, ndipo amafika bwino pokhapokha chingwe chikakhala cha XLR mbali zonse ziwiri. Adaputa imangosintha maonekedwe a pulagi kuti ilowe pabowo, koma siingabweretse magetsi amene laputopuyo sikutulutsa, ndipo n'chifukwa chake ndinasiya kuikhulupirira ngati mankhwala a vuto lililonse.

Chimene ndimakondera XLR ndi mano ake atatu aja. Dzino loyamba limagwira ukonde wa waya wotchinjiriza, pamene awiri enawo amanyamula mawu amodzimodzi, koma ena ali otembenuzidwa. Akafika ku interface, phokoso limene linalowerera panjira limafafanizika, mawu a woimba n'kutsala oyera. Motero chingwe cha mamita 10 chikhoza kuchoka pakhonde pamene payima oimba mpaka patebulo langa popanda mkokomo.

Mapulagi a jeki, monga kapulagi ka mamilimita 3.5 kaja, ndiwo amasokoneza anthu ambiri, ndipo njira yanga ndi kuwerenga timizere takuda ta kunsonga kwake. Mzere umodzi ndi TS, ya gitala, ndipo chingwe chake sindilola kuti chipitirire mamita 6 chifukwa chimatola phokoso. Mizere iwiri ndi TRS, imene imanyamula mawu a kumanzere ndi kumanja pa mahedifoni, kapena mawu amodzi otetezedwa ngati a XLR popita ku masipika omvetsera. Mizere itatu ndi TRRS, ya mahedifoni a foni okhala ndi maikolofoni, ndipo apa pali miyezo iwiri, CTIA ndi OMTP, imene imasinthanitsa malo a maikolofoni ndi a waya wa ground (wobwezera magetsi), kotero kuti adaputa yooneka bwinobwino ikhoza kukana pa foni yanu.

Ndichenjezenso za chingwe cha sipika ndi cha gitala, zimene zimafanana kunja ngati mapasa. Cha sipika chilibe ukonde wotchinjiriza, choncho mukachiika pa gitala mudzamva kung'ung'uza kosalekeza. Kung'ung'uza kotereku, kochokera ku magetsi athu a 50 Hz, ndinakuchepetsa kwambiri nditalumikiza zipangizo zonse pa soketi imodzi, n'kusiyanitsa zingwe za mawu ndi za magetsi. Pamene zikumana, ndimazidutsanitsa mopingasa, osati kuziyendetsa limodzi.

Masiku ano ndikamagula pulagi ya XLR kapena ya jeki ndimayamba ndayimasula kuti ndione mmene waya anawotcherera mkatimo, ndipo yomata ndi pulasitiki yosatseguka ndimaisiya pashelefu, popeza ikaduka ilibe pokonzera.