Kuwerenga ndi kuyeza: kaphunzitsidwe ka variável aleatória ku sekondale

Variável aleatória ndi nambala yomwe imadalira mwayi, ndipo ili ndi mitundu iwiri. Tanthauzo la variável discreta ndi contínua ophunzira amaliloweza msanga, koma mukawapatsa chitsanzo chomwe mulibe m'kope, ambiri amagamula poyang'ana vírgula, kachizindikiro ka m'nambala ngati 12,50. Ikakhalapo akuti contínua, ikasowa akuti discreta. Ganizo limeneli lithetseni tsiku loyamba ndi funso limodzi: chinthuchi tikuchiwerenga kapena tikuchiyeza? Matumba a mbatatesi okwezedwa pa lole ku Tsangano timawerenga (discreta), pamene kulemera kwa thumba timayeza pa sikelo (contínua). Mtengo wa 12,50 meticais uli ndi vírgula, komabe ndi discreta, poti pakati pa 12,50 ndi 12,51 palibe mtengo wina.

Pa discreta musayambe ndi fomula. Gawani kalasi m'magulu, gulu lililonse likhale ndi ndalama zachitsulo zitatu zosiyana: 1, 2 ndi 5 meticais. Agwirizane mbali ya ndalama yomwe aitche cara, aponye zonse pamodzi maulendo 40, ulendo uliwonse alembe X, kuchuluka kwa cara. Asanaponye afunseni mwayi wa 0, 1, 2 ndi 3. Ambiri adzati 1/4 pa iliyonse chifukwa nambala zilipo zinayi. Asiyeni aponye, kenako phatikizani zotsatira za magulu onse pa bolodi, popeza za gulu limodzi zimatha kupendekera. Adzaona okha kuti 1 ndi 2 zachuluka pafupifupi katatu kuposa 0 ndi 3. Apa m'pamene ndalama zosiyana zimathandiza, chifukwa cara pa ya 1 metical yokha si chimodzimodzi ndi cara pa ya 5 yokha. Akalemba njira zonse 8 apeza 1/8, 3/8, 3/8, 1/8, ndipo zikaphatikizidwa zikwane 1. Média (avereji) yake ndi 12/8, kapena kuti 1,5. Wina adzadandaula kuti cara imodzi ndi theka kulibe. Akunena zoona, ndipo ndi mpata wabwino wofotokozera kuti média imakamba za maulendo ambirimbiri, osati ulendo umodzi.

Contínua ndiye imafuna nthawi. Bwerekani tepi ya telala, muyeze kutalika kwa aliyense. Wolembedwa 158 cm ali penapake pakati pa 157,5 ndi 158,5. Tepi ndiyo yalephera kuwerenga mopitirira, thupi silikula modumpha. N'chifukwa chake mizati ya histograma, grafu ya kutalikaku, imagundana, pomwe ya grafu ya ndalama zija imakhala ndi mipata.

Kenako tiyerekeze chapa (minibasi) ya Moatize kupita ku Tete yomwe ingafike nthawi iliyonse m'mphindi 30, popanda mphindi yokonderedwa. Jambulani rectângulo yotambalala 30, msinkhu 1/30, kuti área yonse, kukula kwa mkati mwake, ikhale 1, popeza área ndiyo mwayi. Mwayi wodikira pakati pa mphindi 5 ndi 15 ndi 10 × 1/30, womwe ndi 1/3. Nanga mphindi 7 ndendende? Chepetsani mpatawo iwo akuona: 7 mpaka 8, 7 mpaka 7,1, 7 mpaka 7,01. Área ikunka ku ziro. Awuzeni momveka kuti ziro ameneyu sakutanthauza zosatheka, chifukwa chapa ifikabe pa nthawi inayake.

Cholakwika chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kutenga msinkhu wa grafu ngati mwayi. Mankhwala ake ndi kulemba nthawi yomweyo m'maola. Kutambalala kukhala 0,5, msinkhu ukwera kufika 2, ndipo mwayi sungapose 1. Área ndiyo yatsala momwemo.

Pa mayeso ikani < ndi ≤ pa zitsanzo zonse ziwiri. Pa ndalama, P(X < 2) ndi 4/8 pamene P(X ≤ 2) ndi 7/8. Pa chapa, pomwe X ndi mphindi zodikira, P(X < 10) ndi P(X ≤ 10) zonse ndi 1/3. Musalandire yankho lopanda chifukwa chake cholembedwa m'mawu.