Sabata yophunzitsa za kugwa kwa Soviet Union ku Fomu 4

Phunziro la Lolemba lonse linathera pa mapu. Ophunzira ambiri amaganiza kuti Soviet Union ndi Russia n'chimodzimodzi, choncho tinayamba ndi kulemba pabolodi mayiko 15 omwe anali mumgwirizanowu. Mukadumpha apa, nkhani ya Lithuania, yomwe inalengeza ufulu wake pa 11 Malichi 1990, siimveka n'komwe.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinali pa perestroika, ndondomeko yokonzanso chuma ndi kayendetsedwe ka dziko, pomwe ana amasokonezeka kwambiri. Ambiri amalemba kuti Mikhail Gorbachev ankafuna kuthetsa chikomyunizimu. Ayi ndithu. Atatenga utsogoleri wa chipani cholamula mu Malichi 1985, cholinga chake chinali kukonza chikomyunizimucho. Lamulo la 1987 linapatsa mafakitale a boma ufulu wochulukirapo pa zopanga ndi malipiro, koma mitengo yambiri inkaikidwabe ndi boma. Malipiro anakwera, ndalama zinachuluka m'matumba, katundu wotchipa n'kusowa m'mashopu. Pamwamba pa izi, mtengo wa mafuta unagwa mu 1986, ndipo kampeni yolimbana ndi uchidakwa inachepetsa msonkho womwe boma linkapeza pa mowa. Kulumikiza mfundozi ndi mivi pabolodi, china kubala chinzake, kumathandiza kuposa kuwaloweza manotsi.

Glasnost, ndondomeko yochita zinthu poyera ndi kulola anthu kulankhula momasuka, tinadutsapo mofulumira Lachinayi: ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl pa 26 Epulo 1986 yomwe boma linachedwa kuiulula, ndi chisankho cha Malichi 1989 chomwe chinagwetsa akuluakulu ena a chipani.

Lachisanu linali la chaka cha 1991, ndipo apa madeti ayenera kusanjidwa bwino chifukwa ophunzira amasakaniza Ogasiti ndi Disembala. Pa 19 Ogasiti akuluakulu a KGB (bungwe la akazitape), asilikali ndi boma analengeza kuti atenga mphamvu, Gorbachev atamutsekera kunyumba yake yopumulirako ku Crimea. Ankafuna kuletsa pangano latsopano la mgwirizano lomwe linayenera kusainidwa mawa lake. Chiwembucho chinalephera m'masiku atatu, koma amene anapindula ndi Boris Yeltsin, yemwe anthu a ku Russia anali atamusankha kukhala pulezidenti wawo mu Juni. Pa 8 Disembala atsogoleri a Russia, Ukraine ndi Belarus anagwirizana kuti mgwirizanowu watha, ndipo Gorbachev anatula pansi udindo pa 25 Disembala.

Nthawi inatithera tisanafike kwathu kuno, pomwe mayiko akumadzulo, posaopanso chikomyunizimu, anaimitsa thandizo lina ku boma la Kamuzu Banda mu Meyi 1992. Sabata yamawa tiyambira pamenepo mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993.