Mphindi 48: pomwe pagona nkhani yophunzitsa achinyamata mu BuzzerBeater

Mu BuzzerBeater, gemu ya pa intaneti yoyendetsa timu ya basketball, wosewera sakula luso chifukwa choti ali m'timu mwanu. Chimene chimamukulitsa ndi mphindi zimene wasewera pamalo amene mukuphunzitsa sabata imeneyo. Pamafunika mphindi 48 kuti alandire maphunziro athunthu, ndipo 48 ndiko kutalika kwa masewero amodzi. Zikaperewera amalandira gawo chabe, zikapyola palibe chowonjezera.

Masamu ake ngosavuta. Pasabata pali masewero atatu: a ligi Loweruka ndi Lachiwiri, kenaka a chikho kapena scrimmage (masewero apaubwenzi) Lachinayi. Maphunziro amawerengedwa Lachisanu. Mukasankha malo amodzi, tinene point guard (woyendetsa mpira), muli ndi mphindi 144, zokwanira anthu atatu. Mukasankha malo awiri mungaphunzitse anthu 6, koma aliyense amakwera pang'onopang'ono. Mamanijala atsopano amakopeka ndi chiwerengerocho, n'kumaphunzitsa gulu la ana apakatikati amene pamapeto pake palibe wowagula. Achinyamata atatu abwino pamalo amodzi amapindulitsa kuposa pamenepo.

Chovuta n'chakuti mwanayo akhaledi m'bwalo mphindi zonse 48. Polemba timu, muikeni dzina lake m'mipata yonse itatu ya malowo: woyamba, wolowa m'malo, ndi wachitatu yemwe. Kochi muuzeni atsate strictly follow depth chart (kutsata ndendende mndandanda umene mwalemba), ndipo pankhani ya mafaulo sankhani let them play kuti asamukhazike pabenchi chifukwa chomuopera. Ngakhale mutero, zimatha kusokonekera. Akachita mafaulo 6 watuluka basi. Akavulala, chimodzimodzi. Timu ikatsogola ndi mapointi ambiri chakumapeto, kochi amakonda kupumitsa oyamba n'kulowetsa apabenchi, ndiye mupeza mwana wanu wathera pa 41 kapena 43. Mankhwala ake ndi kulembetsa osewera ochepa pamasewerowo, kuti kochi asowe womulowetsa.

N'chifukwa chake wachinyamata amene mumamudalira kwambiri asewere Loweruka. Zikalakwika tsikulo, pakadali masewero awiri okwaniritsira zimene zaperewera. Mukamusungira Lachinayi n'kutulutsidwa ndi mafaulo, sabata yapita. Kumbukiraninso kuti mphindi zimene wasewera pamalo ena siziwerengedwa pamaphunziro, koma zimawerengedwa pa game shape, muyeso wa mmene thupi lake lakonzekera kusewera. Mwana amene wasewera masewero awiri athunthu, mphindi 96, game shape yake imatsika, ndipo masewero otsatira amasewera ngati wosagona.

Nanga woyenera kumutayira mphindizi ndani? Yang'anani zaka, msinkhu ndi potential. Draft, pomwe matimu amasankha osewera atsopano, imabweretsa azaka 18 ndi 19, ndipo liwiro la kuphunzira limatsika chaka n'chaka. Sizoni ili ndi masabata 14 okha, choncho wazaka 19 wataya kale masabata amene akanakwera mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse. Mutengeni pokhapokha luso lake likuposa la wazaka 18 moonekeratu. Potential ndi denga la luso lake: magulu ake amayambira pa announcer mpaka all-time great, ndipo wosewera akafika padenga lake maphunziro amangokwawa. Timu ya m'ligi yapansi isavutike kulimbirana a potential yapamwamba, MVP kapena hall of famer, pamsika. Star kapena allstar wophunzitsidwa bwino amakwanira, komanso malipiro ake sakuphwanyani.

Msinkhu ndiye umapusitsa ambiri. Wamfupi amaphunzira msanga za kunja, monga jump range (kuponyera patali) ndi outside defense (kutchinga kutali ndi basiketi). Wamtali amaphunzira msanga za pansi pa basiketi: inside shot (kuponya), inside defense (kutchinga), rebounding (kulanda mpira wophonya) ndi shot blocking (kutsekereza mpira woponyedwa). Mtima umafuna kuti wamtali mumupatse za wamtali kuyambira tsiku loyamba, poti luso limaoneka likukwera sabata ndi sabata. Koma zimenezo adzaziphunzirabe bwino ali ndi zaka 21. Zimene sadzazipezanso mosavuta ndi passing, handling ndi outside defense, choncho mupatseni akadali 18 kapena 19. Center (wosewera pansi pa basiketi) amene passing yake ili pa atrocious, sitepe yotsikitsitsa, amataya mpira nthawi ndi nthawi, ngakhale inside shot yake itafika 15 pa 20. Mtengo wa maphunzirowa ndi wakuti muzimuseweretsa ngati point guard, ndipo masewero ena muluza. Pamenepa ndi pomwe scrimmage imagwira ntchito, chifukwa kuluza kumeneko sikukhudza ligi. Phindu lina n'lakuti malipiro amawerengedwa makamaka kuchokera ku luso la malo amene wosewerayo amayenera, ndiye luso lapambalili silikweza malipiro kwambiri.

Ndondomeko ya maphunziro nayo ili ndi kanthu. Luso limene latsalira m'mbuyo poyerekeza ndi maluso oyandikana nalo limakwera mofulumirirapo, pamene limene lathamangira patsogolo lokha limachedwa. Osewera gemuyi amati elastic effect. Ambiri amayamba ndi maphunziro otchedwa One on One, chifukwa imakweza driving ndi handling pamodzi ndi kuponya, kenaka n'kupita ku Pressure, ya outside defense, imene imachedwa. Musasinthe maphunziro chifukwa choti Lachisanu lina palibe chakwera. Luso lili ndi masitepe 20, kuchokera pa atrocious mpaka legendary, ndipo pakati pa sitepe ndi sitepe pali tizigawo tobisika. Mwanayo angakhale atatsala pang'ono kufika.

Za trainer, wantchito amene mumalemba kuti aziphunzitsa osewera, sizifuna mawu ambiri. Alipo magulu 7, ndipo wachinayi, advanced, amakwanira matimu ambiri. Malipiro ake amakwera sabata iliyonse, choncho pakapita nthawi kulemba wina watsopano wa gulu lomwelo kumatchipa kuposa kusunga wakale.

Sabata imene masewero achepa, monga pakati pa sizoni ndi sizoni, mphindi sizikwanira ana onse atatu. Mukhoza kuphunzitsa amene akwanitsa 48 okha, kapena kusankha maphunziro a timu yonse, free throws kapena stamina, amene safuna mphindi pamalo aliwonse. Ngati achinyamata anu ali ndi stamina yotsika moti amafooka kota yachinayi, sabata imeneyo ipatseni stamina.