Laputopu ya msuweni wanga yayambanso kulandira mapulogalamu

Ntchito yokonza laputopu yakale ya ThinkPad ya msuweni wanga wa ku Area 23 yafika pabwino. Debian 12, mtundu wa Linux umene umayendetsa laputopuyi, ikuyaka, apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena, yasiya kudandaula, ndipo sindinafufute kalikonse n'kuyambira pachiyambi monga mmene anzanga ena ankandilangizira.

Nditayang'ana bwino ndinapeza kuti mavuto anali awiri. Mnyamata wina amene ankamuthandiza anadawuniloda fayilo ya .deb (phukusi la pulogalamu) yopangidwira Ubuntu 24.04, mtundu wina wa Linux, n'kuikakamiza kulowa ndi dpkg -i. Lamuloli limangoika phukusi limene mwalipatsa, silipita kukafuna mapulogalamu ena amene phukusilo limadalira. Phukusi limeneli linkafuna malaibulale awiri, zidutswa zimene mapulogalamu amagwiritsa ntchito limodzi: libssl3t64 komanso libc6 yatsopano kuposa 2.36 imene bookworm, yomwe ndi Debian 12, ili nayo. Ataona kuti zakanika, anawonjezera mzere wa trixie, yomwe ndi Debian 13, mu sources.list, fayilo youza apt nkhokwe zotengako maphukusi, n'kuyamba upgrade. Ili mkati magetsi anathima, ndipo batire ya laputopuyi inafa kalekale.

Dzina lakuti libssl3t64 lili ndi chifukwa chake. Makompyuta owerenga nthawi ndi manambala a 32-bit adzasokonezeka pa 19 January 2038, choncho Debian inayamba kuwerenga nthawi ndi 64-bit ndipo malaibulale ambiri anapatsidwa t64 kumapeto kwa mayina awo. Ubuntu 24.04 ndi Debian 13 zili ndi mayina atsopanowa, pamene bookworm, imene inatuluka mu June 2023, ikadali ndi libssl3. Ngakhale mutachita apt update kangati, dzina limenelo simungalipeze mu bookworm.

Ndinayamba ndi dpkg --audit, imene inaonetsa maphukusi amene anamasulidwa koma sanamalizidwe. Mwayi wake libc6 inali isanakhudzidwe. Ikanakhala kuti yasinthidwa ndikanaganiza kawiri, chifukwa pafupifupi pulogalamu iliyonse imadalira iyoyo, ndipo kuibweza kumbuyo kungachititse kuti ngakhale terminal isatsegukenso.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amafulumira. Aliyense amadziwa apt --fix-broken install, ndipo apt yomweyo imakuuzani kuti muyese. Koma ndisanavomere ndinayamba ndaiyendetsa ndi -s, kuti ingondionetsa zimene ikufuna kuchita osakhudza kanthu. Mzere wa trixie unali udakalipo, choncho njira yake inali yokoka libc6 yatsopano ndi maphukusi ena ambirimbiri, kwinaku ikuchotsa ena a Xfce, imene imaonetsa mawindo ndi mamenyu pa sikirini. Kwa apt kumeneku n'kukonza ndithu, chifukwa imangofuna kuti zodalirana zigwirizane. Sidziwa kuti mwini wake akufuna kudzalemba lipoti la kusukulu mawa. Ndikanangodina Y, laputopu ikanasanduka nyumba yofolera theka malata theka udzu.

Ndiye ndinachita motere. Ndinachotsa mzere wa trixie, n'kuyang'ananso mu sources.list.d ngati mulibe china chobisala, kenako apt update. Phukusi la Ubuntu lija ndinalichotsa ndi dpkg -r. Mu apt list --installed ndinayang'ana maphukusi olembedwa kuti local, kutanthauza kuti nambala imene ili pa kompyuta siikupezeka m'nkhokwe iliyonse, ndipo amenewo ndi amene anatsala kuchokera ku trixie. Lililonse ndinkaliona ndi apt policy kuti ndidziwe nambala ya bookworm, n'kulibweza polemba dzina lake ndi /bookworm kumapeto. Nditamaliza, dpkg --configure -a inadutsa osanena kanthu, ndipo --fix-broken inalibenso chochita.

Za bandulo nazo ndizinene, popeza kuno intaneti timagula pang'onopang'ono. Lamulo la apt limafufuta mafayilo a .deb likamaliza kuika, pamene apt-get imawasiya mu /var/cache/apt/archives. Ine ndikugwiritsa ntchito apt-get pa ntchito zikuluzikulu, kenako mafayilowo ndimawakopera pa fulashi. Kunyumba ndili ndi desktop ina ya bookworm, ndiye palibe chifukwa chogulira LibreOffice kawiri.

Msuweni atabwera kudzaiona anafunsa kuti, "Achimwene, nanga pulogalamu ndinkaifuna ija?" Ndamuuza kuti tiyang'ane kaye mu bookworm-backports, kumene maphukusi atsopano amamangidwanso kuti agwirizane ndi malaibulale a bookworm. Ikapanda kupezeka kumeneko tiyesa Flatpak, njira ina yoikira mapulogalamu, imene imabwera ndi malaibulale akeake ndipo sikhudza a Debian, ngakhale imadya bandulo kwambiri poyamba.

Kusamukira ku trixie kudzachitika, koma tidzasamuka tonse pamodzi ndi maphukusi onse, titakopera kaye mafayilo ake pa hard drive ina. Ndamuuza kuti Loweruka tipite ku Old Town tikafune batire, chifukwa upgrade yaikulu sindiyambitsa pa laputopu imene imazima chaja ikangosunthika.