Bokosi la zida limene madala anandipatsa

Pansi pa tebulo limene ndimagwirirapo ntchito pali bokosi lachitsulo lobiriwira. Penti inasupuka kalekale, loko inathyoka, moti chivindikiro chake ndimachita kumanga ndi kawaya. Anyamata amene ndimayenda nawo ku ntchito andiuzapo kangapo kuti, "Abwana, bokosi ili latha, gulani lina." Ndimangowayankha kuti alisiye. Nsima imene ana anga amadya, fizi imene ndimalipirira mwana wa mchemwali wanga, malata a nyumba imene ndimagonamo, zonsezo zinatuluka m'bokosi limeneli.

Ndine wa magetsi. Ndimayala mawaya m'nyumba za anthu, ndimaika masola, ndimakonza zimene zapsa. Masiku ano nkhani yoti mayiko a mu Africa aike ndalama pa maphunziro ndi luso la achinyamata ili pakamwa pa aliyense, pa wailesi, m'misonkhano, pa Facebook, ndipo ine ndimaivomera ndi mtima wonse. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti tikamakamba zothandiza mwana, maso athu amakhala pa tsiku limene akulowa sukulu. Tsiku limene watuluka, waima panja pa geti pepala lili m'manja koma alibe ngakhale pulayazi, ndi ochepa amene amaliganizira.

Ndinalowa Sitandade 1 mu 1994, chaka chimene boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Ndinali ndi zaka 8, ndipo pakanapanda zimenezo ndikanapitiriza kuweta mbuzi, chifukwa bambo sakanakwanitsa fizi ya ana asanu. Chaka chimenecho ana a m'mapulayimale m'Malawi anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ife tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ochuluka moti wokhala kumbuyo ankangoona milomo ya aphunzitsi ikugwedera. Aphunzitsiwo anali mnyamata wongomaliza kumene sekondale, mmodzi mwa masauzande amene boma linawalemba mwachangu asanapite ku koleji. Zimenezo sindizinyoza ayi. Khomo linatseguka, ine n'kulowa. Uganda inachita chimodzimodzi mu 1997, Kenya mu 2003, ndipo pambuyo pake Ghana inachotsa fizi ku sekondale mu 2017, Zambia mu 2022.

Ndinafika mpaka Folomu 4 n'kukhoza MSCE, koma mapointi anga sanali oti n'kundilowetsa ku yunivesite. Ndinakhala pakhomo zaka ziwiri. Ndinaumba njerwa za anthu, ndinapalasa kabaza pa njinga ya mnzanga, ndinalemba makalata ofunsira ntchito amene palibe ndi imodzi yomwe inayankhidwa. Mayi anakulunga satifiketi yanga m'pulasitiki n'kuiika pansi pa matiresi kuopa chiswe. Anzanga awiri anakwera basi ya ku Johannesburg, ndipo nanenso ndinali nditayamba kufunsafunsa za pasipoti.

Amalume ndi amene ananditengera kwa madala ena, mmisiri wa magetsi amene ankapemphera nawo mpingo umodzi. Madalawo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Malipiro palibe. Nsima ya masana udzadya. Ukalimba zaka zitatu, tidzakambirana." Chaka choyamba ntchito yanga inali kunyamula makwerero, kugoba khoma ndi tchizulo kuti mapaipi a mawaya alowe, ndi kuphunzira kusenda waya popanda kudula timawaya ta kopa ta mkati. Ndikalumikiza, iwo ankabwera n'kukoka polumikizirapo ndi chala. Pakangogwedera pang'ono, ndinkamasula chipinda chonse n'kuyambiranso. Tsiku lina nditang'ung'udza anandiuza kuti, "Mwana wanga, moto sukhululuka. Nyumba ikayaka usiku, mkatimo mwagona ana a anthu."

Zaka zitatuzo zitakwana, tsiku Loweruka madzulo titaweruka, anandiitanira pakhonde pawo. Bokosi lobiriwira lija linali pa mphasa. Anatsegula okha n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi: pulayazi, tesitala, masikuludiraiva awiri, hamala, tchizulo, tepi yoyezera, kamita koyezera moto. Pansi penipeni panali kakope ka ana asukulu, ndipo patsamba loyamba anali atalemba mayina a anthu asanu ndi kumene amakhala. "Awa ndi makasitomala anga, ndakupatsa. Ndawauza kale kuti aziitana iwe. Akakuitana usachedwe, ndipo waya wotsala uziwabwezera." Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri. Mawu anandithera, ndinangoti, "Zikomo madala." Lachitatu lotsatira mmodzi mwa anthu asanu aja anandiitana kuti ndikaike masoketi m'nyumba yake yalendi, ndipo ndalama imeneyo ndi imene ndinagulira mayi thumba la feteleza koyamba m'moyo wanga.

Ndikanachoka kwa madala ndi luso lomwelo koma chimanjamanja, bwenzi ndikubwereka tesitala kwa anthu, kugawana nawo kandalama kochepako, mwinanso kubwerera ku kabaza. Ndawaona ambiri otero, ena ali ndi mapepala a ku koleji abwino kuposa anga.

Nditayamba kuwerenga za mayiko ena pa intaneti, ndinapeza kuti zimene madala anachitazo ku Nigeria ndi mwambo wozika mizu. Pakati pa a Igbo, mnyamata amakakhala kwa wamalonda kapena mmisiri zaka zingapo akugwira ntchito osalandira malipiro, ndipo nthawi ikakwana bwanayo amamupatsa mpamba, katundu woyambira, mwinanso kumulipirira lendi ya shopu. Msika waukulu wa ku Onitsha, msika wa Alaba ku Lagos, malonda a zipangizo za galimoto ku Nnewi, anthu ambiri a kumeneko anayamba motero, ndipo amene wakhazikika naye amatenga ana ena. Si zonse zokoma. Alipo mabwana amene amayambitsa mlandu chaka chomaliza kuti athamangitse mwana asanamupatse kanthu, ndipo zoterozo n'kuba. Koma mfundo yoti wophunzitsa sanamalize ntchito yake mpaka wophunzirayo ataima payekha, imeneyo ndimaikonda kwambiri.

Ku Uganda boma linayesa zofanana ndi zimenezi mu 2008. Kumpoto kwa dzikolo, kumene kunali kutangotha nkhondo, magulu a achinyamata anapatsidwa ndalama, pafupifupi madola 380 munthu mmodzi, zoti alipirire maphunziro a ntchito zamanja ndi kugula zida. Anthu ankaopa kuti ndalamazo zikathera ku mowa, koma ambiri anagula mashini osokera, zida za ukalipentala ndi zina zotero. Patapita zaka 4, amene analandira ankapeza ndalama zoposa za anzawo osalandira ndi 38 peresenti. Patapita zaka 9, osalandira aja anali atawapeza pa kapezedwe ka ndalama, ngakhale kuti olandirawo anali adakali ndi katundu wambiri pakhomo ndipo ambiri anali adakali pa ntchito zaluso. Ena akamva mbali yachiwiriyi amati ndalamazo sizinasinthe kanthu. Ine sindigwirizana nawo. Zaka zimene munthu amazitaya akudikira kuti apeze poyambira ndi zomwezo zimene amakwatira, ana amabadwa, mwana amadwala pakhomo palibe ya thiransipoti. Ndinakhala zaka ziwiri zokha, koma kulemera kwake ndikukukumbukira mpaka lero.

Ndipo odikirawo ndi ambiri. Banki ya African Development Bank imati chaka chilichonse achinyamata 10 mpaka 12 miliyoni mu Africa amafika msinkhu wofuna ntchito, pamene ntchito zolembedwa zimene zimapezeka ndi pafupifupi 3 miliyoni. Theka la anthu a mu Africa sanafike zaka 20. Kuno kwathu kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18. Tingalembe makalata ofunsira ntchito okongola bwanji, ambiri mwa ana amenewa adzadzilemba okha ntchito, ndipo wodzilemba yekha amafunika chogwirira.

Komabe pali mnyamata wina amene anandiphunzitsa kuti bokosi palokha silikwanira. Anabwera kwa ine atamaliza Sitandade 8, wolimbikira, waulemu, manja ake opepuka pa ntchito. Tsiku lina ndinamulembera kapepala m'Chichewa kuti akatenge waya wa 2.5 kusitolo, wa masoketi. Anabwera ndi wa 1.5, wa mababu, n'kuyamba kuukoka m'mapaipi. Ndikanapanda kuona, munthu akanadzalumikiza mbaula yamagetsi pamenepo waya n'kutentha m'khoma. Ndinamukalipira, iye n'kungowerama. Madzulo ndinamupatsa kapepala kena kuti andiwerengere. Anakagwira nthawi yaitali, milomo ikuyenda, chala chili pa liwu loyamba, kenako misozi inalengeza. "Abwana, ndimatha zilembo zokha. Zikalumikizana zimandisokoneza." Zaka 8 ali m'kalasi, palibe amene anazindikira, chifukwa mphunzitsi mmodzi pa ana oposa 100 angaone bwanji kuti wakumbuyo uja amangotsatira mawu a anzake? Mu 2022 World Bank inanena kuti m'mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, pafupifupi ana 9 mwa 10 aliwonse a zaka 10 satha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Nditaona nambala imeneyo sindinadabwe, chifukwa mmodzi mwa anawo ndinali naye pakhonde panga. Akazi anga anamuphunzitsa madzulo aliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi makope a mwana wathu wa Sitandade 2. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba, ndipo ndikamva kuti boma lililonse lawonjezera ndalama za maphunziro, funso langa loyamba limakhala lakuti zingati zafika kwa mphunzitsi wa Sitandade 1 ndi 2.

Pa za luso, kuno tili ndi poyambira. Lamulo la 1999 linakhazikitsa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro a ntchito zamanja. Tili ndi makoleji monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira 2015 kunabwera makoleji a m'madera. Amisiri abwino atulukako kumeneko, ena ndagwira nawo ntchito. Koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi ana ofuna, moti ambiri amaphunzirabe mmene ndinaphunzirira ine, kwa kalipentala wa pansi pa mtengo, kwa telala wa pakhonde la sitolo, kwa makaniko wa m'mbali mwa msewu. N'chimodzimodzinso ku Suame Magazine, dera la amakaniko mumzinda wa Kumasi ku Ghana, ndi kwa amisiri ogwirira ntchito panja otchedwa jua kali ku Kenya. Ine ndikanakonda kuti mbali ina ya ndalama zoterezi izifika kwa amisiri amenewa, aziphunzitsidwa za makono, ana awo aziyesedwa mayeso n'kulandira pepala, ndipo mwana aliyense womaliza, kaya ku koleji kaya pansi pa mtengo, azituluka ndi bokosi lake. Mtengo wa bokosi limodzi ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene dziko lawononga kale pa mwanayo kuyambira Sitandade 1.

Madala anatisiya zaka zingapo zapitazo. Pamaliro pawo tinakumana amisiri asanu ndi awiri, aliyense ndi nkhani ya bokosi lake, ndipo m'pamene ndinadziwa kuti pa ntchito iliyonse ankapatulako kandalama kogulira zida za mwana wotsatira.

Pano ndili ndi mtsikana amene akumaliza kuphunzira ntchito kumapeto kwa mwezi uno. Analekeza Folomu 2 atatenga mimba. Malamulo a sukulu amalola mtsikana wobereka kubwerera m'kalasi kuyambira 1993, koma iye analibe womusiyira mwana, ndiye sanabwerere. Tsiku loyamba kupita naye ku ntchito, mwini nyumba anandikokera pambali n'kuti, "Achimwene, mwatibweretsera mtsikana kuti akwere padenga?" Ndinawapempha kuti adikire aone. Lero pa masola palibe mnyamata wanga amene angafanane naye. Amadziwa kuwerengera kuti nyumba ya mababu angati, wailesi yakanema ndi firiji ikufuna batire yaikulu bwanji, ndipo samunamiza kasitomala kuti kasola kakang'ono kangayendetse zonse. Mwini nyumba uja ndi amene amaimba foni n'kumutchula dzina.

Zida zake ndakhala ndikugula chimodzichimodzi kuyambira chaka chatha, ndipo zili m'bokosi latsopano m'chipinda chathu, kuseri kwa sutikesi kuti asazione. Kamita koyezera moto ndi kamene kanandivuta, ndinachita kudikira ntchito ya nyumba yonse kuti ndikagule kabwino. Chimene sindinkadziwa pamene ndinkagwada pakhonde paja ndi kupweteka kwa kakope. Kulemba dzina la kasitomala m'menemo ndiye kuti ndalama yake sindidzaionanso, ndipo inenso ndili ndi ana pasukulu. Mayina atatu ndinalemba mosavuta. Lachinayi ndi la mayi wina wa nyumba zalendi zambiri amene amalipira tsiku lomwelo, ndipo ndinagona nalo masiku atatu ndisanalilembe. Akazi anga anandifunsa kuti, "Kodi madala aja anakupatsani makasitomala ovuta okhaokha?" Sanatero. Ndinatenga cholembera n'kulilemba. Latsala lachisanu, ndipo mtsikanayo ndamuitana abwere ndi mayi ake Loweruka lomaliza la mwezi uno, madzulo tikaweruka.