Chumuni chatha kumangidwa, kudontha kwa kumbuyo nako kwatha

Chumuni chimene mphepo ya mkuntho inagumula mizere itatu ya njerwa chaimanso, ndipo mvula yoyamba yadutsa siling'i ili youma. Kumanga njerwa sikunavute. Chimene chinadya masiku ndi madzi a kumbuyo kwa chumuni, koma ndiyambe ndi kakweredwe, poti ambiri amavulala asanagwire n'komwe chipande.

Makwerero aime motere: pa mamita 4 aliwonse okwera, miyendo italikire khoma mita imodzi, ndipo nsonga ipitirire m'mphepete mwa denga ndi mita imodzi kuti mukhale ndi pogwira potsika. Pansi pakhale thabwa lalikulu ngati nthaka yafewa ndi mvula, ndi zikhomo ziwiri zoletsa kutsetsereka. Kumtunda amangiriridwe ku mtengo wa denga, osati ku gatala, kangalande ka madzi ka m'mphepete mwa denga. Musanaimike, yang'anani kumene waya wa ESCOM walowera m'nyumba. Makwerero a aluminiyamu asayandikire mbali imeneyo ngakhale pang'ono.

Chingwe chisamangidwe pa chumuni. Chinthu chimene mphepo yagwedeza kale sichingagwire munthu wakugwa, chingangomutsatira pansi ndi njerwa zake. Ponyani chingwe kudutsa msana wa denga, chikamangidwe ku mtengo waukulu kapena mzati wa konkire kumbali inayo, ndipo pamsanapo ikani chidutswa cha paipi yamadzi kuti malata asachicheke. Valani hanesi yogwira mapewa ndi ntchafu. Chingwe cha m'chiuno chokha chimatha kuthyola msana. Chingwe chomangira hanesicho chikhale chachifupi moti simungafike nacho m'mphepete.

Pamalata pondani pamzere wa misomali basi, pamene pali thabwa pansi. Malata opyapyala a geji 32 amapindika pakati ndi phazi limodzi, ngakhale okhuthalako a geji 28 akachita dzimbiri sadalirika. Ine ndimayala thabwa la mainchesi 9 by 1 lokhomedwa timatabwa topingasa pa masentimita 30 aliwonse, lokhala ndi ngowe yathabwa yokolowekera pamsana. Nyumba zakale za ku Zomba, Thyolo ndi Mulanje zina zikadali ndi denga la asibesitosi: limenelo silipondedwa konse, limasweka mosachenjeza, ndipo fumbi lake ndi loopsa m'mapapo. Nthawi yabwino ndi mame akauma, malata asanatenthe. Tsiku la chiperoni ingokhalani pansi.

Njerwa zogwedera zonse zichoke mpaka pamzere wolimba, zitsike mu ndowa pachingwe, osaponya. Tsekani kamwa la chumuni ndi thumba kuti zigumu zisagwere m'kati. Muyezo wa matope omangira ndi simenti 1, laimu 1, mchenga 6. Popanda laimu, 1 kwa 5. Simenti yambiri pa njerwa zowotcha zofewa imasweka nazo kukatentha. Mipata yakale ikumbidwe mamilimita 20, inyowetsedwe, kenako idzazidwe. Chipewa cha pamwamba pa chumuni ndi simenti 1 kwa mchenga 3, chotsetsereka, chotuluka masentimita 5 kunja kwa njerwa, ndi kamzere kunsi kwake kodula madzi.

Tsopano vuto lenileni. Chumuni chikakhala m'munsi mwa msana, madzi onse otsika m'migula ya malata amakagunda khoma lake lakumtunda n'kuima. Womanga woyamba anangopaka simenti mozungulira. Simenti siyenda, pamene malata amatambasuka masana n'kubwerera usiku, ndiye mng'alu umabadwa chaka choyamba chomwe. Choipa china, simenti yonyowa imadya malata a aluzinc, aja okutidwa ndi aluminiyamu ndi zinki. Pochotsa chigamba chija, pansi pake panali pobooka mzere wonse. Phula ndi tepi yomata, zitaikidwa pamenepo, zinagwira mpaka mvula yamphamvu, kenako madzi anadzaza m'migula, n'kukwera, n'kulowa pansi pa tepi. Izi zimanyenga chifukwa banga la pa siling'i limaonekera kutali ndi pamene madzi alowera, atayenda kale m'thabwa.

Chimene chagwira ntchito ndi kuwaletsa madziwo kulowa m'migula ya kumbuyo. Lata losalala limodzi lichokere pansi pa chivundikiro cha msana mpaka pa chumuni, ligone pamwamba pa mapiri a malata, likhale lotambalala kuposa chumuni ndi phiri limodzi kapena awiri mbali zonse, m'mphepete mwake lipindidwe kulowa m'mgula. Pofika pa njerwa lipindidwe kukwera masentimita 15. Mbali ziwiri ndi kutsogolo nazo zikwere chimodzimodzi. Lata lachiwiri lilowe mamilimita 25 mumpata wa njerwa wodulidwa ndi giraindala, litsike kuphimba loyambalo popanda kulikhomera, kuti denga lizisuntha palokha. Zomangira zilowe paphiri, zokhala ndi mphira. Silikoni akhale wolembedwa neutral cure, poti wonunkha viniga uja amayambitsa dzimbiri. Mtovu musausakanize ndi aluzinc.

Kupinda malatawa musavutike ndi hamala pakhonde. Amisiri okhoma ndowa ndi mbaula, monga aja a ku Ndirande, amapinda mzere woongoka kuposa ambiri a ife, bola muwatengere chitsanzo chodula pa katoni, osati miyezo yapakamwa. Ndi omwewo ndinawadalira pa paipi ya utsi ya chitofu cha njerwa kukhitchini, ndipo msoko wake sunatsegukebe. Mchenga nawo ukhale wa kumtsinje wosefa. Wa kudambo uli ndi dongo, chipewa chimang'aluka chisanathe mwezi.

Poyesa, wina aime ndi paipi yamadzi padenga, wina ndi tochi m'siling'i. Yambani kuthira m'munsi mwa chumuni, mbali, kenako kumtunda, mbali iliyonse mphindi 10. Mukayamba kumtunda simudziwa pamene padontha. Matope akauma, yatsani masamba aawisi m'moto muone ngati utsi ukutulukira m'mipata ya njerwa, makamaka m'kati mwa denga pafupi ndi matabwa.

Chatsala ndi kachipewa kachitsulo ndi sefa yoletsa mbalame. Mtima ukufunanso kusintha malata onse a mbali yakum'mwera ndi kukhoma ngowe zokhazikika pamsana zomangirapo chingwe, mwina mvula ikatha, simenti ikatsikako mtengo.