Mmene ndinakonzera mashoki a Boxer yanga kuti izigwira msewu

Njinga yanga yamoto ndi Bajaj Boxer 150, ndipo ntchito yake ndi yodziwika: kunyamula munthu, thumba la feteleza popita kumudzi, nshawa kapena soya pobwerera ku Chipata. Pa tala ya Great East Road inalibe vuto lalikulu. Koma ndikangokhota kulowa njira zafumbi za ku Chadiza, kumbuyo kunkagunda pansi pa dzenje lililonse, pakona inkapepesuka, ndipo ndikagwira buleki yakutsogolo mutu wake unkamira. Pa mapaipi a foloko, miyendo iwiri yogwira wilo yakutsogolo, panali oilo wosakanikirana ndi fumbi lofiira.

Anzanga ambiri zikafika apa amathamangira kugula mashoki olimba kwambiri amene angawapeze. Ine sindigwirizana nazo. Shoki yolimba mopitirira imadumphitsa tayala pa timizere ta msewu wa miyala, ndipo tayala limene lili m'mwamba silikhota komanso siligwira buleki. Chofunika n'chakuti tayala lizikhala pansi nthawi zonse.

Ndinapita kwa makaniko wina wachikulire kufupi ndi msika wa Kapata. Asanagwire n'komwe sipanala anaimika njinga pa sitandi yapakati, nagwira wilo yakumbuyo ndi manja awiri n'kuigwedezera uku ndi uku. Inamveka "kho, kho".

"Aphwanga, mwamva? Awa si mashoki, ndi mabushi a swing arm, chitsulo chija chogwira wilo yakumbuyo. Mukaika mashoki atsopano pamenepa mwataya ndalama."

"Nanga kutsogolo, amdala?"

Anandiuza kuti ndikanikize kumbuyo kuti wilo yakutsogolo inyamuke, iwo n'kutembenuza mahandulo pang'onopang'ono. Pakati penipeni ankakodwa pang'ono, chizindikiro chakuti mabering'i a pakhosi, pomwe mahandulo amazungulira, adyeka. Tinasintha zonse ziwiri, tinamanga masipoko amene anali okhwepa, n'kupopa matayala molingana ndi nambala zimene zili m'kabuku ka njinga. Izi ndi zotchipa, koma kupepesuka kwa pakona kunachepa kwambiri tisanakhudze shoki ngakhale imodzi.

Kenako tinabwera pa kuyeza, ndipo apa m'pamene ndikufuna mumvetsetse. Shoki iliyonse ili ndi mtunda umene imayenda kuchoka potambasuka mpaka pogunda. Wokwera akakhala pampando, njinga iyenera kutsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtundawo. Ikatsika kwambiri sipatsala malo olandirira bampu. Ikatsika pang'ono chabe, wilo ilibe potambasukira ikafika pa dzenje. Kayezedwe kake n'kosavuta: njinga ili pa sitandi, wilo yakumbuyo ili lende, mumayeza ndi tepi kuchokera pa bawuti ya ekiselo kukafika pa malo amodzi pamwamba pake, ife tinamatapo kaselotepi. Ndiye mumaitsitsa, mumakhalapo mutavala zonse zimene mumavala paulendo, mnzanu agwire mahandulo kuti mapazi anu akhale pa zopondera, wachitatu ayezenso. Kusiyana kwa nambala ziwirizo ndiko kutsika kwake. Pa njinga zazing'ono ngati izi kumbuyo kumayenda pafupifupi mamilimita 100, choncho tinkafuna 30 kapena 35. Yanga inatsika 55 ndili ndekha, popanda thumba.

Pansi pa sipuling'i pali kamphete kokhala ndi masitepe, kamene kamatembenuzidwa ndi sipanala yokhota ngati chikwakwa. Kamapanikiza sipuling'i kuti njinga ikwere, koma sikaisintha kulimba kwake, ndipo sikangadzutse shoki yakufa. Tinakweza mbali zonse ziwiri mpaka sitepe yomaliza, nambala inatsikako pang'ono. Amdala aja anakanikiza mpando mwamphamvu n'kuusiya, njinga inanjanja kangapo isanakhazikike. Shoki yamoyo imabwerera kamodzi basi n'kuima. Oilo wa mkati anali atatha ntchito, sipuling'i yokha ndiyo inkanyamula.

Pokagula atsopano ndinanyamula yakale m'manja. Musadalire mawu akuti "iyi ndi ya Boxer". Yezani kutalika kuchokera pakati pa bowo la pamwamba mpaka pakati pa bowo la pansi, onaninso kukula kwa mabowowo. Shoki yayitali kwambiri imakweza kumbuyo, tcheni imasintha kakokedwe, ndipo mahandulo amayamba kupepuka moopsa ukathamanga. M'mashopu muli ena onyezimira okhala ndi kachitini pambali, amene amati ndi a gasi. Ena ndi enieni, koma pa otchipitsitsa kachitiniko nthawi zina n'kokongoletsa chabe. Ine ndinasankha ofanana kutalika ndi akale, a sipuling'i ziwiri, ina mkati mwa inzake monga Bajaj amapangira, koma ya waya wokulirapo pang'ono chifukwa cha katundu amene ndimanyamula.

Kuika kwake sikutenga nthawi. Timasintha mbali imodzi kaye, inayo ikugwirizira swing arm. Mabawuti tinangowagwiritsa, n'kudzawamanga kotheratu njinga ili pansi ine nditakhalapo, kuti labala ya m'mabowo isapotoke. Titayezanso pa sitepe yachiwiri tinapeza 33.

Kutsogolo ndiye kunadya tsiku. Zivindikiro za pamwamba pa foloko zimamasulidwa pang'ono mapaipi akadali omangika pa njinga, apo ayi paipi imangozungulira m'manja. Tinachotsa wilo, buleki ndi madigadi, n'kusolola mwendo umodzi umodzi. Potsegula chivindikiro kanikizani ndi dzanja, sipuling'i ya mkati imatha kuchiponya kumaso. Oilo amene anatuluka anali wotuwa, wonunkha, ndipo mwendo wakumanzere unali ndi wochepa kwambiri kuposa unzake. Tinapopa mpaka dontho lomaliza, n'kutsuka mkati ndi palafini.

Amdala anagubuduza paipi iliyonse pa galasi lathyathyathya kuti aone ngati inapindika. Zinali zowongoka, koma imodzi inali ndi timabala ta miyala ndi dzimbiri, tomwe timang'amba seal yatsopano, kalabala kotsekera oilo kuti asatuluke, sabata isanathe. Anatisalaza ndi sandipepa yosalala kwambiri yonyowetsa ndi oilo. Polowetsa seal anavindikira kumutu kwa paipi ndi kapulasitiki kopyapyala kuti mlomo wake usadulike, n'kuikhomera ndi chidutswa cha paipi ya pulasitiki, osati sikuludiraiva.

Pa oilo tinakanganako. Iwo anazolowera kuthira wa injini chifukwa amapezeka paliponse, ndipo njinga zambiri mu Chipata zikuyenda choncho.

"Amdala, ndiloleni ndigule weniweni wa foloko, ndalama ndi yanga."

Anaseka, nati ndichite mmene ndafunira. Ndinatenga wa 15W, wolemererako, m'malo mwa 10W. Wolemererako amachedwetsa kumira kwa mutu pa buleki, komanso kuno kukatentha mu Okutobala oilo amapyapyala. Kupitirira apo sindikanalola, foloko imayamba kuchedwa kubwerera pa mabampu otsatizana ndipo manja amachita dzanzi. Muyeso wake tinatsata kabuku, kenako tinatsimikiza ndi kawaya kuti miyendo yonse iwiri yafika pa mlingo umodzi, sipuling'i ili kunja ndipo paipi itakanikizidwa mpaka pansi. Mpweya umene umatsala pamwamba pa oilo nawonso umagwira ntchito ngati sipuling'i, ndiye mukathira oilo wambiri foloko imauma kumapeto ndipo seal imaphulika.

Masipuling'i akutsogolo anali asanafupike kwenikweni, tinangowonjezera mawashala ochepa pamwamba, ofanana mbali zonse. Ndinagulanso malabala ovindikira mapaipi. Ena amati amanyansitsa njinga, koma ndi fumbi la chilimwe ndi matope a Januwale, seal yopanda chovala siikhalitsa. Pobwezera wilo, tinakanikiza mahandulo kangapo buleki ili yogwira kuti miyendo ikhale m'malo mwake, kenako n'kumanga mabawuti onse.

Ndinakaiyesa pa tala ya ku Mwami kaye, kenako pa njira yafumbi nditakweza mphwanga ndi thumba la makilogalamu 50, mphete zili pa sitepe yachinayi. Sinagundenso pansi, ndipo pakona inkatsata pomwe ndalozetsa. Kumbuyo kutakwera, nyali inayamba kuwalira pafupi kwambiri, ndiye madzulo ndinaiimika moyang'ana khoma n'kuikweza pang'ono. Tcheni nayo tinaiyezanso ine nditakhalapo, chifukwa imakoka kwambiri njinga ikalemedwa.

Mashoki atsopano sanasinthe mabuleki, masipoko kapena chitsulo cha keriya, choncho katundu sindinawonjezere. Sipanala yokhota ija ndimayenda nayo limodzi ndi zida zina: ndikakhala ndekha sitepe yachiwiri, ndikanyamula yachinayi. Patapita sabata ndinabwerera ku Kapata kuti amdala aonenso mabawuti a mashoki ndi nati ya pakhosi, popeza mabering'i atsopano akakhazikika amafuna kumangidwanso pang'ono.